Mabisiketi anga a chokoleti ndi minti akukoma ngati kolgeti, ndithandizeni Khirisimasi isanafike

Nachisale wa ku Area 25:

Moni nonse apagulu pano. Paja akulu amati safunsa adadya phula, ndiye ine ndati ndifunse msanga ndisanadyetse banja lonse phula pa 25 Disembala.

Chaka chilichonse Khirisimasi timakadyera kwa apongozi anga ku Mponela, ndipo aliyense amadziwa katundu wake. Alamu anga aamuna amagula nkhuku, alamu aakazi amabwera ndi mpunga wa Kilombero ndi zakumwa, ine gawo langa ndi zotsekemera za ana ndi zomwera tiyi madzulo. Zaka zinayi zotsatizana ndapita ndi masikono ndi keke ya nthochi, mpaka ana a kumudziko akangondiona ndikutsika minibasi amakuwa kuti "anti a masikono abwera!" Chaka chino ndinati dzina limeneli lindichoke.

Anandiputa ndi mwana wanga wa Fomu 2. Anandionetsa pa foni kavidiyo ka mayi wina wa ku America akupanga mabisiketi akuda bii a chokoleti, onunkhira minti, mbali imodzi ataiviika mu chokoleti chosungunula, pamwamba atawazapo tizidutswa ta maswiti ofiira ndi oyera. Kukongola kwake inu! Ndinaonera katatu, n'kulemba zonse kuchikuto kwa kope la mwanayo, Loweruka lapitali n'kuyesa.

Ndinathira fulawa makapu awiri, koko theka la kapu, shuga kapu imodzi ndi theka, mazira awiri, soda supuni yaing'ono imodzi, ndi majarini a m'kontena aja timapaka pa buledi, poti mtengo wa batala mukuudziwa. Minti ndinakagula ku shopu ina yogulitsa zopangira makeke m'tauni, kabotolo kotalika ngati chala changa cha mkombaphala, kolembedwa kuti peppermint oil. Mayi wa mu vidiyo uja anathira supuni yaing'ono imodzi. Ine nditathira imodzi ndinaona ngati yachepa pa beseni lonse lija, ndiye ndinawonjezera theka.

Anayamba kulawa ndi bambo a kunyumba. Analuma kamodzi, n'kukhala duu, n'kupita pa ndowa kukamwa madzi. Atamwa anati, "Amake mwana, madziwa munawaika mu furiji?" Kenako anandifunsa ngati tikudya kapena tikutsuka mano. Sindikunama, inali kolgeti yeniyeni, yowawa kumapeto kwa lilime, misozi mpaka kulengeza. Ndinaponyera galu imodzi, anangonunkhiza n'kukagona pansi pa mtengo wa mango.

Likanakhala vuto la kakomedwe lokha bwenzi ndikungoti ndichepetse minti. Koma ndinaika timibulu 20 pa thireyi, motalikirana bwinobwino, pomatsegula uvuni ndinapeza chimkate chimodzi chodzaza thireyi yonse, m'mbali mopserera, pakati pofewa. Nanga chinthu choti n'chakuda kale ungadziwe bwanji kuti chapsa? Masikono umaona kuti afiira pamwamba. Izi ndinadziwira fungo la kupserera.

Pa chokoleti ndi pamene ndinatsala pang'ono kulira. Ndinagula mapaketi awiri. Loyamba ndinalisungunula m'mbale yokhazika pamwamba pa mpika wa madzi otentha, monga anachitira mayi uja, ndipo chinasungunuka bwino, kunyezimira kumene. Ndinangoona ngati chakhuthala kwambiri kuti ndiviikemo bisiketi, ndiye ndinatunga supuni imodzi ya madzi otentha a mumpikamo n'kuthiramo. Nthawi yomweyo chinagwirana n'kusanduka chibuma, ngati dothi loumbira mbiya. Paketi yachiwiri sindinaithire kanthu. Ndinaduladula chimkate chija, n'kuviika zidutswa, n'kuwazapo maswiti a minti omwe ndinasinja mu kamtondo ka tsabola nditakatsuka. Kuyambira 3 koloko masana mpaka 8 koloko usiku chokoleti osalimba. Ndinaika mu furiji. M'mawa nditatulutsa, pasanathe mphindi 10 zinayamba kutuluka thukuta, pofika masana zinali ndi mawanga otuwa ngati nkhungu, maswiti aja atasanduka timadzi tofiira toyenderera m'mbali.

Tsono zinthu zili chonchi. Ndikufuna mabisiketi osachepera 80. Ndidzanyamuka pa 24 m'mawa pa minibasi, katundu ali pamiyendo, ndipo akuyenera kukhala abwino mpaka pa 26. Magetsi kuno amazima nthawi ina iliyonse, ku Mponela kulibe uvuni, kuli mbaula basi. Koko wanditsalira chitini chimodzi ndi theka, ndipo ndalama yoyesera kachitatu ndi kachinayi ndilibe. Minti ndithire yochuluka bwanji? Chokoleticho ndinachilakwira chiyani? Kapena ndingovomera dzina la anti a masikono?

Mphunzitsi wa sayansi, Zomba:

Mayi Nachisale, ine za makeke ndimangodya, koma theka la nkhani yanuyi ndi zomwe ndimaphunzitsa m'kalasi. Ndiyambe ndi galu. Galu wanuyo ndi wanzeru, ndipo chonde musadzamuponyerenso. Mu koko muli mankhwala achilengedwe otchedwa theobromine, yemwe thupi la munthu limamuchotsa msanga koma la galu limachedwa naye kwambiri. Galu akadya chokoleti chakuda chambiri kapena koko wa ufa amasanza, mtima umathamanga, ena amafa kumene. Zolakwikazo apatseni anyamata a njala.

Tsopano minti. Ndikukhulupirira kuti mayi wa mu vidiyoyo anathira peppermint extract, yomwe ndi mafuta a minti ochepa osukuluza ndi alcohol. Inu munagula peppermint oil, mafuta enieniwo osasukuluza. Pomwe akuti supuni imodzi ya extract, mafuta amafunika kota ya supuni, mwinanso kuchepera apo. Ndiye supuni yanu imodzi ndi theka ija inali ngati mwakhuthuliramo masupuni 6. Mafuta amenewa muziwerenga madontho. Yambani ndi madontho 8, kandani, tsinani kachidutswa kamodzi mukabeke pakokha, mulawe katazizira. Kuwonjezera kumatheka, kuchotsa ayi.

Za madzi a mu ndowa, bambo sananame. Mu mafuta a peppermint muli menthol wochuluka, pafupifupi magawo 40 pa 100 alionse. Menthol amadzutsa timitsempha ta m'kamwa tomwe ntchito yake ndi kumva kuzizira, ndiye ubongo umalandira uthenga woti kwazizira pomwe sikunazizire. Tsabola amanamiza ubongo chimodzimodzi, koma mbali ya kutentha. Menthol yemweyo ndi amene amamuika m'mankhwala otsukira mano, n'chifukwa chake akachuluka lilime limakumbukira mswachi. Minti ya masamba yomwe ambiri amadzala kuseri kwa nyumba nthawi zambiri imakhala spearmint. Imeneyo menthol wake ndi wochepa zedi, fungo lake ndi lofatsa. Ngati apongozi sakonda zoziziritsa m'kamwa, mukhoza kusinja masamba ochepa pamodzi ndi shuga.

Kabotoloko mukawerengenso bwino, muone ngati kalembedwa kuti ndi kothira m'zakudya. Pali mafuta ena a peppermint opaka pamutu kapena onunkhiritsa m'nyumba, amenewo asayandikire beseni lanu.

Chibuma chija chinabwera ndi supuni ya madzi ija. Mu chokoleti mulibe madzi. Muli tinjere touma ta shuga ndi koko tomwe timayandama m'mafuta. Ganizirani mchenga wa kudambo: ukakhala wouma umayoyoka m'manja, mukaunyowetsa pang'ono umaumbika. Madzi ochepa akalowa mu chokoleti amanyowetsa shuga, tinjere tija timamatana. Ngakhale nthunzi yochokera mumpika kapena supuni yosapukuta bwino imachita zomwezo. Chikakhuthala muzithiramo mafuta ophikira supuni yaing'ono, osati madzi. Apa ndi pamene kabotolo kanu kaposa ka mayi wa ku America, chifukwa mafuta a minti amalowerera bwino mu chokoleti chosungunula pomwe extract ikhoza kuchigwiranitsa. Ngati chibumacho simunataye, chiduleni tizidutswa muthire mu ufa wokanda. Kukoma kwake sikunapite kulikonse.

Mawanga otuwawo si nkhungu, ndi shuga. Mukatulutsa botolo lozizira mu furiji nyengo ya mvula ino limachita mame. Mabisiketi anu anachitanso mame omwewo, mamewo anasungunula shuga wa pamwamba pa chokoleti, atauma anasiya zoyerazo. Akhoza kudyedwa, angoipa maso. Maswiti osinja nawonso amayamwa chinyezi cha mumpweya, n'chifukwa chake analira misozi yofiira.

Za chimkate chija ndisiyira eni ntchito.

Mlongo wa ku Leeds, ku Mangalande:

Achemwali, mwandiseketsa pa ntchito ya usiku mpaka mnzanga wandifunsa kuti chachitika n'chiyani. Kolgeti ameneyo inenso ndinamuphikapo chaka changa choyamba kuno.

Musadziimbe mlandu kwambiri. Vidiyo imeneyo anaipangira Disembala wa kuno, osati wa kwathu. Kuno pano dzuwa likulowa 4 koloko isanakwane, ndipo khitchini yanga ndikazimitsa hita umachita kuvala juzi. Ndikaviika bisiketi mu chokoleti n'kuisiya pa tebulo, pomamaliza kutsuka mbale imakhala italimba kale. Mafuta a koko, omwe amalimbitsa chokoleti, amasungunuka pa madigiri a Celsius pafupifupi 34, ndipo amayamba kufewa asanafike n'komwe pamenepo. Tsono khitchini ya malata ku Area 25, masana a Disembala, uvuni uli woyaka, mumayembekeza kuti chilimba ndi chiyani? Komanso chokoleti chenicheni mukachisungunula sichibwerera mwakale pachokha. Akatswiri amachitenthetsa kufika 45, kuchiziziritsa kufika 27, n'kuchikwezanso kufika 31 kapena 32, choyezera kutentha chili m'manja. Ngati mwalimbikira zoviika, gulani chokoleti chophikira chija amachipanga ndi mafuta a zomera m'malo mwa mafuta a koko. Chimalimba chokha popanda mwambo wonsewo ndipo n'chotchipirako. Choipa chake chimamata kumwamba kwa kamwa, ndiye kuti phula lija mumaliopa mudya ndithu pang'ono.

Chimkate chija mlandu ndi wa majarini a m'kontena. Amawapanga ofewa kuti azipakika pa buledi, ndipo ambiri amakhala ndi madzi ochuluka, mafuta ochepa. Batala amakhala ndi mafuta magawo 80 pa 100. Gulani majarini olimba okutidwa m'pepala, olembedwa kuti ndi obekera. Shuga wanunso anachuluka, ndipo ufa munauika mu uvuni uli wofunda. Chinanso, miyezo ya ku America imasokoneza. Akati stick imodzi ya batala ndi magalamu 113. Akati 350 ndi madigiri a Fahrenheit, pa uvuni wanu ikani 180. Kapu yawo ndi mamililita pafupifupi 240, osati kapu yaikulu ija bambo amamwera tiyi.

Ine ndimapanga chonchi, ndipo safalikira. Majarini magalamu 170 ndi shuga magalamu 200, kumenya mpaka zisakanikirane, osapitirira. Dzira limodzi ndi minti. Kenako fulawa magalamu 190, koko magalamu 60, bekingi pauda supuni yaing'ono imodzi, mchere kotsina. Ndimayala ufawo pakati pa mapulasitiki awiri ndi botolo, kukhuthala kwake theka la sentimita, n'kuika mu furiji ola limodzi uli woyalidwa kale. Kenako ndimadula ndi kukamwa kwa tambula. Mphindi 10 kapena 11 pa 180. Pofuna kudziwa kuti apsa musayang'ane mtundu. Onani kunyezimira kwa pamwamba, kukatha ndiye kuti apsa, ndipo m'mbali mukakhudza ndi chala mumakhala molimbirako. Asiyeni pa thireyi mphindi 5, amalimbira pomwepo.

Kuno ndimachita chinyengo china. Ndimagoneka After Eight imodzi, kachokoleti kopyapyala ka minti m'kati, pa bisiketi ikangotuluka mu uvuni, ikafewa n'kuiyala ndi kumbuyo kwa supuni. Koma izo si za minibasi ya ku Mponela.

Koko musamale naye ndithu. Ngakhale kuno chokoleti chakwera, zipaketi zikuchepa mtengo uli womwewo. Mu 2024 mtengo wa koko pa msika wa dziko lonse unadutsa madola 10,000 pa tani koyamba, zokolola zitavuta ku Ghana ndi ku Côte d'Ivoire, komwe kumachokera koko wopitirira theka la yense.

Mayi wa geni ya makeke, Ndirande:

Asisi, aphunzitsi ndi achemwali a ku Mangalande anena zoona, koma iwo sakwera minibasi ndi chitini pamiyendo. Ine ndakhala ndikuperekera maoda a Khirisimasi zaka zambiri, mverani. Zoviikazo zisiyeni. Ngakhale chokoleti chophikiracho, mukakhala mpando wa kumbuyo kwa dalaivala pomwe pamatentha injini, kapena minibasi ikaima pa siteji theka la ola kudikira anthu, mukafika ndi phala. Masamba a minti aphunzitsi anenawo ndinayesapo, amada mu uvuni ndipo amamveka ngati mwagwetsera ndiwo mu keke. Kabotolo kanu komweko n'kabwino, madontho basi.

Pangani mabisiketi ong'aluka pamwamba. Amadzikongoletsa okha mu uvuni ndipo safuna batala kapena majarini. Koko theka la kapu, shuga kapu imodzi, mafuta ophikira kota ya kapu, sakanizani. Mazira awiri, limodzi limodzi. Minti. Fulawa kapu imodzi, bekingi pauda supuni yaing'ono imodzi, mchere pang'ono. Soda ameneyo musiyeni, akachuluka amamveka sopo. Ufa wake umakhala womata ngati phala lolimba, musaope ndipo musawonjezere fulawa. Vindikirani, ugone mu furiji usiku wonse. Magetsi akazima musatsegule chitseko, uzizirabe mpaka m'mawa. Muyezo umenewu umatulutsa mabisiketi 20 ndi kanthu mukamaumba timibulu tofanana ndi mbula yaikulu. Kuti mufike 80 mukande kanayi.

Dzukani 4 koloko m'mawa, kusanatenthe. Kambulu kalikonse mukagubuduze kaye mu shuga wamba, kenako mu shuga wa ayisingi, wambiri, mpaka kuda kuja kusaonekenso. Anthu ambiri amadumpha shuga wambayo, ndiye amadabwa kuti zoyera zija zapita kuti. Shuga wamba ndi amene amatchinga kuti chinyezi cha ufa chisamwe ayisingi. Mu uvuni kambuluko kamafufuma, choyera chija chimang'ambika, ming'alu yakuda n'kuonekera ngati dambo louma mu Okutobala. Mphindi 10 mpaka 12. Ufa wotsala uzidikira mu furiji, osati pa tebulo.

Magetsi akakuthawani, mbaula ikugwirirani ntchito, monga timaphikira chigumu. Tengani mpika waukulu wakale, thirani mchenga wouma wa kumtsinje kukhuthala zala ziwiri, ikanipo timiyala titatu tofanana, mbale ya chitsulo ikhale pa timiyalapo osakhudza mchenga. Vindikirani mpika utenthe kaye mphindi 15. Makala a pansi akhale ochepa, oti ayera phulusa, ambiri akhale pa chivindikiro. Mukachulutsa pansi mudya makala. Ine ndimayesa moto powaza fulawa pang'ono pa mbalepo: akafiira pang'onopang'ono m'mphindi ngati 5 moto uli bwino, akada msanga chotsani makala ena. Musamatsegule pafupipafupi, ndipo potsegula samalani phulusa.

Ngati mwana wanu akufunabe zokongoletsa, pangani theka ong'aluka, theka a achemwali a ku Leeds aja odula ndi tambula, koma muwanyamule opanda kanthu pamwamba. Shuga wa ayisingi munyamule wouma m'paketi. Pa tsikulo sakanizani ndi madzi pang'ono kwambiri, supuni imodzi pa kapu, kuwonjezera madontho mpaka azitsika pa supuni ngati uchi. Thirani mu timatumba tija timamangira mafirizesi, bowolani kakona ndi lumo, apatseni ana ajambule okha. Zoyera pa zakuda zimaoneka kutali. Maswiti osinja awazeni ayisingi asanaume, mabisiketiwo adyedwe tsiku lomwelo. Mvula ikakhala ikugwa ayisingi amachedwa kuuma, musawasanjikize.

Posunga, azizire kaye mpaka pakati, kenako m'chitini cha mkaka wa ufa chotseka bwino, mapepala oyera pakati. Ofewa chitini chawo, olimba chitini chawo, mukawaphatikiza onse afewa. Ndipo minti ndi wamiseche, amalowa paliponse. Chaka china ndinanyamula keke ya ukwati m'katoni imodzi ndi mabisiketi a minti, keke yonse inamveka minti. Masikono muwaike kutali.

Inde, ndati masikono. Muwapange ndithu. Akuluakulu a kumudzi tiyi amamwera chinthu chomwe akuchidziwa. Mudzandiuza.

Wa ku Joni:

Anti, kuno ku Johannesburg Khirisimasi ndi yotentha ngati kwathu, ndiye anthu a kuno za mabisiketi oviika sadzivutitsa nazo. Chokoleti ndi minti amazidyera mu Peppermint Crisp tart, yozizira, yosalowa mu uvuni n'komwe. Amayala mabisiketi a Tennis pansi, pamwamba kirimu womenya wosakaniza ndi caramel wa m'chitini, n'kupalirapo Peppermint Crisp, chokoleti chija cha Nestlé chokhala ndi timagalasi tobiriwira ta minti m'kati. Imafuna furiji, ndiye ku Mponela siyenda. Koma mukaipeza Peppermint Crisp m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe, iphwanyeni muthire mu ufa wokanda. Zobiriwirazo zimaoneka pa ming'alu, ndipo minti wake ndi woyezedwa kale, simungalakwitse. Mukatero madontho a m'kabotolo muchepetse.

Nachisale wa ku Area 25:

Zikomo nonse, Mulungu akudalitseni. Ndabwera ndi lipoti.

Aphunzitsi, kabotolo ndakawerenga ndi magalasi, kalembedwa kuti n'kothira m'zakudya, mtima wakhala pansi. Galu ali bwino, sanadye ngakhale kachidutswa. Chimkate chija anachimaliza ndi anyamata omwe akumanga mpanda kwa aneba, ndipo mmodzi anati chamutsegula mphuno, chimfine chatha.

Lachiwiri usiku ndinakanda muyezo umodzi wa ong'aluka, ndi madontho 8. Ndinabeka kamodzi kokha monga munanenera, m'kapoto pa mbaula, ndipo kunena zoona minti sanamveke, koko anamuphimba. Ndinawonjezera 4, kukhala 12. Pamenepo ndi pomwe pali bwino kwa ine: umayamba wamva chokoleti, minti amabwera pambuyo ukameza, ngati kamphepo. Chibuma chija sindinataye, chinali mu furiji m'kapu chifukwa mtima sunalole. Ndinachidula ndi mpeni n'kuthiramo.

Lachitatu ndinadzuka 4 koloko, kunja kuli kamvula kowaza. Thireyi yoyamba ndinakhala pa mpando patsogolo pa uvuni ngati ndikuonera mpira. Pa mphindi ya 6 ndinaona kambulu ka pakona kang'ambika, kenako ena onse kutsatira. Mayi a ku Ndirande, dambo louma lija ndaliona ndi maso anga. Timibulu titatu ndinachita dala osatigubuduza mu shuga wamba kuti ndikuyeseni, ndipo titatu timeneto tinatuluka totuwa, zoyera zitamwedwa. Pepani, sindidzakukayikiraninso.

Ndili pakati poumba a thireyi yachiwiri magetsi phethi. Ndinathamangira mbaula. Mchenga ndinapempha kwa anyamata a mpanda aja, koma unali wonyowa ndi mvula, ndiye unandidyera nthawi kuti uume mumpikamo. Mbale yoyamba, mabisiketi 5, ndinapsereza pansi chifukwa ndinaona ngati makala a pansi achepa n'kuwonjezera, khalidwe lomwe lija la supuni ndi theka. Mbale yachiwiri ndinachotsa makala mpaka kutsala ochepa, ambiri pa chivindikiro, ndipo anatuluka bwino pa mphindi 14. Ming'alu yake si yotakasuka ngati a mu uvuni, koma kukoma n'chimodzimodzi, mwinanso kuposa.

Bambo anatenga imodzi mochita kuopa, ananunkhiza kaye ngati galu uja. Anadya anayi. Atamwa madzi sananene kanthu za furiji.

Mwana wanga yekha ndi amene wakwinya nkhope, akuti awa si a mu vidiyo. Tagwirizana kuti ong'aluka akhala 45, a tambula a achemwali a ku Leeds akhala 40, ndipo iye ndi amene adzakhale kapitawo wa ana pojambula ndi timatumba ta mafirizesi pa 25. Wayamba kale kuyeserera nyenyezi pa mbale ndi phala. Koko ndawerengera, chitini ndi theka chikwana ndikapanda kupsereza china. Majarini olimba ndagula. Peppermint Crisp ndinaiona, ndinayang'ana mtengo, ndinaibwezera pa shelefu mwaulemu.

Funso limodzi latsala kwa mayi a ku Ndirande. Ndaika 6 m'chitini kuti ndione ngati afika masiku atatu, ndipo lero tsiku lachiwiri zoyera zija zayamba kuchepa m'mbali. Ndikawaze shuga wa ayisingi wina ndi sefa ndikafika, kapena aoneka onama? Ndibeke pa 23 usiku kapena pa 24 m'mbandakucha ndisananyamuke?

Dzulo madzulo apongozi anaimba foni kufunsa kuti tinyamuka nthawi yanji. Ndinawauza kuti chaka chino ndikubwera ndi zachilendo, za chokoleti. Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Chabwino mwana wanga. Koma masikono aja mubwera nawo eti?"